Khalidwe la afulu oweta akafika pa msinkhu wobereka

Khalidwe la afulu oweta akafika pa msinkhu wobereka ndi kusintha kwa zochita komwe kumaoneka pa afulu apamtunda osungidwa pakhomo pamene akhwima n'kuyamba kufuna kukwerana. Afulu, omwe amatchedwanso akamba, ndi nyama zokwawa za m'banja la Testudinidae. Fulu akakhala wamng'ono, tsiku lake limathera pa kudya, kuwothera dzuwa ndi kubisala, ndipo kawirikawiri amakhala ndi anzake popanda vuto. Akakhwima, makamaka wamwamuna, amayamba kuyendayenda m'mbali mwa mpanda, kugunda ndi kuluma anzake, kukwera pa miyala kapena nsapato ndiponso kutulutsa mawu. Wamkazi amayamba kukumba maenje ofuna kuikiramo mazira.

Akatswiri a nyama zokwawa amaona khalidweli kuti ndi lachibadwa, si matenda ndipo si chizindikiro choti fulu analeredwa molakwika. Ngozi imabwera chifukwa cha kuchepa kwa malo. Kutchire afulu amakhala motalikirana ndipo wogonja pa ndewu amangochoka, koma m'khola alibe kothawira.

Mitundu yomwe imawetedwa kwambiri

Afulu omwe amapezeka m'makomo a anthu ku Ulaya, ku America, ku Asia ndi ku South Africa ndi a mitundu ingapo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kachitidwe kake.

Centrochelys sulcata, yemwe oweta amangomutchula kuti sulcata, kwawo ndi ku Sahel, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Ndi wachitatu pa kukula padziko lonse, kumbuyo kwa afulu a ku Galápagos ndi a ku Aldabra. Amaswedwa ali pafupifupi masentimita 5, koma wamwamuna wamkulu amatha kupitirira makilogalamu 50.

Stigmochelys pardalis ndi fulu wa mawanga onga a kambuku. Amapezeka kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Ambiri amakula kufika masentimita 40 ndi makilogalamu 13, ngakhale m'madera ena amakula kuposa pamenepo.

Testudo hermanni, kapena fulu wa Hermann, ndi wa kum'mwera kwa Ulaya. Testudo graeca amapezeka kumpoto kwa Africa, kum'mwera kwa Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia. Testudo marginata ndi wa ku Greece. Testudo horsfieldii, yemwe amadziwika ndi dzina loti fulu wa ku Russia, kwawo kwenikweni ndi m'maiko a pakati pa Asia monga Uzbekistan, Kazakhstan ndi Afghanistan. Chelonoidis carbonarius ndi fulu wa miyendo yofiira wa ku South America.

M'Malawi mumapezekanso afulu a m'gulu la Kinixys, omwe amatha kutseka chigoba chawo cha kumbuyo ngati chitseko. Mmodzi mwa iwo, Kinixys zombensis, anapatsidwa dzinali mu 1931 potengera dzina la Zomba.

Kukhwima

Fulu amakhwima potengera kukula kwa thupi kuposa zaka zake. Fulu wa mawanga wa kutchire amafika pa msinkhu wobereka ali ndi zaka za pakati pa 12 ndi 15, koma woweta amatha kukhwima ali ndi zaka 6 zokha chifukwa amadya tsiku ndi tsiku ndipo sakumana ndi chilala. Zoterezi zimachitikanso ndi mitundu ina. N'chifukwa chake afulu awiri obadwa tsiku limodzi amatha kukhwima pa nthawi zosiyana, ndipo yemwe wakula msanga amayamba kuvutitsa mnzake.

M'mitundu yambiri aamuna amakhwima msanga kuposa aakazi, ali ndi thupi locheperapo. Kusintha kwa khalidwe kumayenda limodzi ndi kuchuluka kwa mahomoni m'magazi, makamaka testosterone. Kwa woweta kusinthaku kumaoneka ngati kwadzidzidzi, chifukwa fulu yemwe wakhala wofatsa kwa zaka zingapo amasintha pa nyengo imodzi yokha. Zizindikiro zoyamba zimakhala kutsatira mnzake kulikonse, kumununkhiza kumchira, kumugwedezera mutu ndi kumutsekereza pa chakudya.

Kusiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi

Ana a afulu amafanana kwambiri, moti nthawi zambiri wogulitsa ndi wogula sadziwa ngati kafuluko ndi kakamuna kapena kakakazi. Zizindikiro zimaonekera bwino fulu akatsala pang'ono kukhwima.

Mchira wa wamwamuna umakhala wautali ndi wonenepa, ndipo amaupindira kumbali akamayenda. Khomo lomwe ndowe, mkodzo, umuna ndi mazira zimatulukira, lotchedwa cloaca, limakhala chakunsonga kwa mchira pa wamwamuna, pamene pa wamkazi limakhala pafupi ndi chigoba. M'mitundu yambiri chigoba cha kumimba cha wamwamuna chimalowa m'kati ngati mbale, zomwe zimamuthandiza kukhazikika pamsana pa wamkazi. Fulu wa ku Russia alibe chizindikiro chimenechi, choncho amadziwika ndi mchira. Wamwamuna wa miyendo yofiira amakhala ndi chigoba chopanikizika pakati ngati chiuno.

Kukula kwa thupi kumasiyananso. M'gulu la Testudo aakazi ndi omwe amakula kwambiri m'mitundu yambiri, pamene kwa sulcata, afulu a ku Galápagos ndi Chersina angulata wa ku South Africa aamuna ndi omwe amaposa. Mu 1980 James Berry ndi Richard Shine anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti aamuna amakonda kukula kuposa aakazi m'mitundu yomwe aamuna amamenyana polimbirana aakazi.

Kulakwitsa pa kusiyanitsaku n'kofala ngakhale pa afulu otchuka. Pachilumba cha Saint Helena, fulu wokalamba wotchedwa Jonathan wakhala ndi mnzake wotchedwa Frederica kuyambira mu 1991, koma mu 2017 zinadziwika kuti mnzakeyo ayenera kuti ndi wamwamuna.

Malo a fulu kutchire ndi m'khola

Oweta ambiri amanena kuti fulu "akuteteza malo ake", koma afulu ambiri sakhala ndi malire enieni omwe amawalondera monga zimachitira mbalame zina kapena mikango. Fulu aliyense amakhala ndi dera lomwe amalidziwa bwino, momwe muli podyera, pomwera, powothera dzuwa ndi pobisala. Madera a afulu oyandikana amalowerana. Fulu wa Hermann amayenda m'dera la hekitala imodzi kapena angapo, ndipo hekitala imodzi ndi yaikulu kuposa bwalo la mpira. Kafukufuku wa ku Karoo, dera louma la ku South Africa, anapeza kuti afulu ena a mawanga amayenda m'dera loposa mahekitala 100.

Afulu si nyama zoyenda m'magulu. Amakumana mwa apo ndi apo, pa chakudya, pa madzi kapena pa nyengo yokwerana, kenaka aliyense amapita kwake. Makolo salera ana. Aamuna awiri akakumana amayesana mphamvu, ndipo wogonja amachoka kapena amayamba kupewa wopambanayo. Zimenezi zaonedwa bwino pa Gopherus agassizii, fulu wa m'chipululu cha Mojave ku United States, komwe aamuna a m'dera limodzi amadziwana kuti wamkulu ndani.

Khola la pakhomo limakhala laling'ono kwambiri poyerekeza ndi dera la kutchire. Wopambana amaona mdani wake tsiku lililonse ndipo amapitiriza kumuthamangitsa chifukwa sakuchoka. Apa m'pamene khalidwe limafanana ndi kuteteza malo: fulu mmodzi amalanda malo owothera dzuwa, khomo la pogona ndi mbale ya chakudya. Kuzunza kwina sikuoneka ngati ndewu. Fulu wamphamvu amatha kugona pamwamba pa chakudya, kupanikiza mnzake pakona kapena kumangomutsatira. Oweta ena amaona afulu awiri atagona pamodzi n'kuganiza kuti akukondana, pamene wina akukankha mnzake kuti achoke pamalo abwino.

Ndewu za aamuna

Ndewu imayamba ndi kuyang'anana, kununkhizana ndi kugwedeza mutu. Walter Auffenberg, katswiri wa ku Florida, anasonyeza mu 1965 kuti afulu a miyendo yofiira ndi abale awo a miyendo yachikasu amazindikirana poona kagwedezedwe ka mutu. Wamwamuna akagwedeza mutu ndipo winayo n'kubwezera chimodzimodzi, ndiye kuti ndi wamwamuna mnzake. Winayo akapanda kubwezera, amapita kukamununkhiza kumchira kuti adziwe ngati ndi wamkazi. Afulu a m'gulu la Gopherus ali ndi tiziwalo tiwiri pansi pa chibwano totulutsa fungo, ndipo timatupa pa nyengo yokwerana.

Wina akapanda kugonja, amayamba kugundana. Fulu amabweza mutu m'chigoba, amadzikoka pang'ono m'mbuyo, kenaka amadziponya kutsogolo kuti chigoba chake chimenye cha mnzake. Phokoso lake limamveka patali ngati kugogoda thabwa. Sulcata, Chersina angulata ndi afulu a m'gulu la Gopherus ali ndi nsonga yotulukira kutsogolo kwa chigoba cha kumimba, pansi pa khosi. Wamwamuna amailowetsa pansi pa chigoba cha mdani wake kuti amunyamule ndi kumugwetsa chagada. Nsonga ya sulcata wamkulu imatha kuboola khungu la pakhosi kapena la m'khwapa mwa mnzake. Mitundu ing'onoing'ono, monga fulu wa ku Russia ndi wa Hermann, imaluma miyendo, khosi ndi kumaso.

Si mitundu yonse yomwe imamenyana motere. Aamuna a ku Galápagos amaimirira moyang'anizana, kuyasamula pakamwa ndi kutalikitsa makosi, ndipo yemwe wafikitsa mutu pamwamba kwambiri ndiye wapambana. Afulu a miyendo yofiira amadziwika kuti amalolerana kuposa sulcata kapena afulu a ku Russia, ngakhale aamuna awo amamenyananso.

Kukopa wamkazi ndi kukwerana

Kwa munthu wosazolowera, kukopa kwa afulu sikusiyana kwenikweni ndi ndewu. Wamwamuna amatsatira wamkazi, kumuzungulira ndi kumuimitsa. Testudo graeca amagunda chigoba cha wamkazi mobwerezabwereza. Fulu wa Hermann amakonda kuluma miyendo kuti wamkazi aibweze m'kati ndi kuima. Wa ku Russia amagwedeza mutu mofulumira pamaso pa wamkazi n'kumuluma miyendo yakutsogolo. Fulu wa mawanga amatha kutsatira wamkazi mtunda wautali akumugunda mpaka atalola. Wamkazi akabweza mutu ndi miyendo yakutsogolo m'chigoba, mbali ya kumchira imatulukira kunja pang'ono, ndipo izi zimapatsa wamwamuna mpata.

Wamwamuna amakwera kumbuyo, amaika miyendo yakutsogolo pamsana pa wamkazi ndi kupinda mchira wake pansi pa wa wamkaziyo. Pa nthawiyi amatalikitsa khosi, kuyasamula pakamwa ndi kutulutsa mawu. Mitundu ing'onoing'ono imalira mawu aang'ono okwera, sulcata ndi afulu akuluakulu a m'zilumba amabuula mawu okhuthala, pamene wa miyendo yofiira amamveka ngati nkhuku ya thadzi. Kafukufuku yemwe Paolo Galeotti ndi anzake a ku yunivesite ya Pavia ku Italy anafalitsa mu 2005 anapeza kuti aakazi a mtundu wa Hermann amakopeka kwambiri ndi mawu okwera komanso obwerezedwa mofulumira. Nthawi zambiri wamkazi amangoyamba kuyenda kapena kudya, wamwamuna n'kugwa, ndipo kukwera kochuluka kumatha popanda umuna kulowa.

Aamuna amakweranso aamuna anzawo, makamaka pamene aakazi ndi ochepa. Pa Golem Grad, chilumba chaching'ono cha m'nyanja ya Prespa ku North Macedonia, aamuna a mtundu wa Hermann ndi ochuluka kwambiri kuposa aakazi. Xavier Bonnet ndi anzake analemba mu 2016 kuti aamuna a pachilumbachi amakwerana okhaokha kawirikawiri, ndipo kafukufuku wina wa pamalo omwewo anapeza aakazi ambiri ali ndi mabala kumchira. Mtundu umenewu uli ndi kansonga kolimba kumapeto kwa mchira komwe kamavulaza wamkazi akamakweredwa pafupipafupi. Zomwe zimachitika pachilumbachi zimafanana ndi zomwe zimachitika m'khola momwe wamkazi alibe kothawira.

Nyengo

Kutchire khalidweli limakhala ndi nyengo yake. Afulu a m'maiko ozizira amagona pansi pa nthaka nyengo yonse yozizira, ndipo akadzuka aamuna amayamba kufunafuna aakazi nthawi yomweyo. Fulu wa ku Russia amakhala ali maso pafupifupi miyezi itatu yokha pa chaka, ndipo m'miyezi imeneyi ayenera kudya, kukwerana ndi kuikira. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe wamwamuna wa mtunduwu amalimbikira kwambiri ngakhale ndi wamng'ono thupi. Fulu wa Hermann amaikira pakati pa Meyi ndi Julayi. Sulcata wa ku Sahel amakwerana kwambiri mvula ikangotha, chapakati pa Sepitembala ndi Novembala.

Pakhomo nyengo zimenezi zimasokonekera. Fulu wosungidwa m'nyumba yofunda, pansi pa nyale yotenthetsa, wokhala ndi chakudya chaka chonse, amatha kuonetsa khalidwe lofuna kukwerana mwezi uliwonse. Mvula kapena kuthiridwa madzi kumadzutsanso khalidweli m'mitundu ya m'madera otentha.

Khalidwe la wamkazi

Wamkazi wokhala ndi mazira m'mimba amasowa mtendere. Amayenda m'mbali mwa mpanda, amanunkhiza nthaka, amachepetsa kudya ndipo amakumba maenje oyesera n'kuwasiya. Ena amagunda kapena kukwera aakazi anzawo, zomwe zimachititsa oweta kuganiza kuti ndi aamuna. Akapeza malo abwino amakumba ndi miyendo yakumbuyo, ndipo mitundu ina imafewetsa nthaka ndi mkodzo. Akaikira amakwirira dzenje ndi kusalaza pamwamba, kenaka amachoka.

Fulu wa Hermann amaikira mazira 2 mpaka 12 pa nthawi imodzi. Sulcata amaikira 15 mpaka 30. Fulu wa mawanga amaikira 5 mpaka 30, amatha kuikira kangapo pa nyengo imodzi, ndipo mazira ake amatenga miyezi 8 mpaka 15 kuti aswe kutchire. Kutentha kwa nthaka ndi komwe kumachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi. Pa fulu wa Hermann, kutentha kopitirira madigiri pafupifupi 31.5 kumatulutsa aakazi ambiri, ndipo kotsikirapo kumatulutsa aamuna ambiri.

Wamkazi amatha kusunga umuna m'thupi mwake kwa zaka zingapo, moti amaikira mazira oswa ngakhale atasiyana ndi wamwamuna kalekale. Mazira a m'dzenje limodzi amathanso kukhala a abambo osiyana. Izi zikutanthauza kuti wamkazi safunika kukhala ndi wamwamuna nthawi zonse kuti abereke. Wamkazi yemwe sanakumanepo ndi wamwamuna amathanso kuikira mazira osaswa, monga imachitira nkhuku.

Khalidwe pamaso pa anthu ndi zinthu

Wamwamuna wosungidwa yekha amaonetsabe khalidwe lomweli. Amakwera miyala, mipira, mbale, zipika ndi nsapato, chifukwa chilichonse chobulungira cha msinkhu wa fulu chimatha kumukopa. Amathamangitsa mapazi a anthu, kuwagunda kapena kuluma zala. Akaona chithunzithunzi chake pa galasi kapena pa chitsulo chonyezimira amachigunda ngati mdani. Kwa fulu wamng'ono izi sizivulaza kwenikweni, koma sulcata wamkulu amatha kugwetsa mwana, kuthyola mpanda wofooka kapena kukankha mipando ndi miphika ya maluwa.

Chinthu china chomwe chimadzidzimutsa oweta ndi pamene wamwamuna atulutsa chiwalo chake chachimuna, kawirikawiri akamasambitsidwa m'madzi ofunda kapena akamachita chimbudzi. Chiwalochi n'chachikulu poyerekeza ndi thupi, chakuda kapena chofiirira, ndipo ambiri amaganiza kuti matumbo atuluka. Chikabwerera chokha pakapita mphindi zochepa, palibe vuto. Chikakhala kunja osabwerera, chimauma ndi kutupa, ndipo fuluyo amafunika dokotala wa ziweto mwamsanga.

Kumenya kapena kukalipira fulu sikusintha khalidweli. Kumunyamula pafupipafupi kumamuwonjezera mantha, ndipo fulu wamantha amataya madzi omwe amasunga m'chikhodzodzo. Mwambi wa Chichewa woti kamba amanyera womutola umagwirizana ndi chizolowezi chimenechi. Kwa fulu wa kumalo ouma, kutaya madzi amenewa m'chilimwe kumaika moyo wake pangozi.

Ngozi ndi matenda

Ngozi yaikulu ndi kugwa chagada. Mapapo a fulu ali pamwamba, pansi penipeni pa chigoba cha kumsana, choncho akagadama ziwalo zina zimawapsinja. Fulu wogadama padzuwa amatenthedwa ndipo amatha kufa pa maola ochepa. Gábor Domokos ndi Péter Várkonyi a ku Hungary anasonyeza kuti afulu a chigoba chokwera ngati chulu amadzitembenuza mosavuta chifukwa cha kapangidwe ka chigobacho, pamene ena amadalira khosi ndi miyendo. Pamalo osalala ngati simenti, pomwe palibe chogwira, kudzitembenuza kumavuta.

Kuluma kumasiya mabala pa miyendo, pakhosi ndi m'maso. Ntchentche zimaikira m'mabalamo ndipo mumagwa mphutsi. Kugunda kosalekeza kumaphwanya kapena kupala chigoba cha wamkazi kumbuyo. Fulu wozunzidwa amabisala nthawi zonse, amasiya kudya, sakula bwino ndipo amadwala msanga. Wamkazi wosowa malo abwino oikira, wosowa kashiamu m'thupi kapena wosokonezedwa ndi wamwamuna amatha kusunga mazira m'mimba mpaka kudwala. Dokotala amaona mazirawo pa X-ray ndipo amathandiza ndi mankhwala kapena opaleshoni.

Kukhudzana pa ndewu ndi pa kukwerana kumafalitsanso matenda, monga chimfine choyambitsidwa ndi tizilombo ta Mycoplasma ndi mavairasi a herpes. Fulu wooneka wathanzi amatha kukhala ndi tizilomboti kwa nthawi yaitali.

Kasamalidwe

Malangizo omwe madokotala a ziweto ndi oweta odziwa amapereka amagona pa kubwezera fulu mpata womwe akanakhala nawo kutchire.

Fulu sasungulumwa ngati galu, choncho kusunga mmodzi yekha sikumuzunza. Aamuna awiri okhwima a mtundu wandewu sayenera kukhala m'khola limodzi. Kusunga wamwamuna mmodzi ndi wamkazi mmodzi kumavutanso chifukwa mphamvu zonse za wamwamuna zimathera pa wamkazi yemweyo. Obereketsa amaika aakazi awiri, atatu kapena kuposerapo pa wamwamuna mmodzi, kapena amasunga wamwamuna payekha n'kumukumanitsa ndi wamkazi kwa masiku ochepa.

Khola liyenera kukhala lalikulu, lokhala ndi zitsamba, zipika, miyala ndi timilu ta dothi kuti afulu asamaonane nthawi zonse. Podyera, pomwera, pobisala ndi powothera dzuwa pazikhala pangapo. Mpanda wosaonekera kunja umachepetsa kuyendayenda, chifukwa fulu akamaona kutsidya amalimbikira kuti adutse. Sulcata ndi fulu wa ku Russia amakumba kwambiri, choncho mpanda umafunika kulowa pansi, ndipo wa ku Russia amakweranso m'makona. Wamkazi amafunika dothi lofewa, lakuya, pamalo ofika dzuwa. Mitundu yosiyana isasakanizidwe, ndipo fulu watsopano amayamba wasungidwa payekha kwa miyezi ingapo.

Kuthena fulu n'kotheka koma n'kovuta, chifukwa machende ake ali m'kati mwa thupi. Madokotala amalowetsa kachipangizo kokhala ndi kamera pakhungu la kutsogolo kwa mwendo wakumbuyo. Mu 2010 afulu 39 a ku Galápagos omwe anachitidwa opaleshoni yowaletsa kubereka anatulutsidwa pachilumba cha Pinta. Madokotala odziwa ntchitoyi ndi ochepa, choncho kulekanitsa afulu ndi njira yomwe oweta ambiri amagwiritsa ntchito.

Afulu ambiri amakhala zaka zoposa 50. Oweta ochuluka amagula sulcata ali kakang'ono ndipo amalephera kumusunga akakhwima, zomwe zachititsa kuti malo olandirira nyama zosiyidwa ku United States akhale ndi afulu ambiri a mtunduwu. Kutaya fulu woweta kutchire kumaika pangozi afulu a kumeneko chifukwa cha matenda.

Malamulo

Afulu onse a m'banja la Testudinidae ali m'ndandanda wa pangano la CITES, lomwe limayang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa maiko. Kuyambira mu 2000 panganoli sililola kugulitsa kunja sulcata wogwidwa kutchire. M'chaka chomwecho dziko la United States linaletsa kulowetsa sulcata, fulu wa mawanga ndi Kinixys belliana chifukwa cha nkhupakupa zomwe zimafalitsa matenda a ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Ku Britain, wogulitsa fulu wa Hermann, Testudo graeca kapena Testudo marginata amafunika chikalata cha boma. Ku Arizona malamulo amaletsa kubereketsa afulu a m'chipululu osungidwa pakhomo. Ku South Africa kusunga fulu wa m'dzikomo kumafuna chilolezo cha chigawo. M'Malawi nyama zakutchire zimatetezedwa ndi lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, lomwe linakonzedwanso mu 2017, ndipo zilolezo zimaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.

M'mbiri

Mmodzi mwa anthu oyambirira kulemba mwatsatanetsatane za fulu woweta anali Gilbert White, m'busa wa ku Selborne ku England. Mu 1780 anatenga fulu wotchedwa Timothy yemwe anali wa azakhali ake. White anaona kuti kumayambiriro kwa nyengo yotentha fuluyo ankadzuka m'mamawa, kufufuza mipata mu mpanda ndi kuthawira m'minda yakutali, ndipo anaganiza kuti ankafuna mnzake. Timothy anafa mu 1794, ndipo patapita zaka zinadziwika kuti anali wamkazi. Chigoba chake chimasungidwa ku Natural History Museum ku London.

Mu 2012 nkhani ya afulu awiri akuluakulu a kumalo osungira nyama ku Klagenfurt ku Austria, Bibi ndi Poldi, inamveka m'maiko ambiri. Awiriwa anakhala limodzi zaka zoposa 100, koma wamkazi, Bibi, analuma chigoba cha wamwamuna ndipo anawalekanitsa. Mawu a afulu okwerana anagwiritsidwanso ntchito mu filimu ya Jurassic Park ya 1993, momwe katswiri wa mawu Gary Rydstrom anawaika pa zilombo zotchedwa Velociraptor.